Denga Limene Ndinaloza

Malata akatentha amalira. Mu Okutobala, dzuwa likafika paliwombo, denga la ofesi ya aphunzitsi pasukulu yathu kufupi ndi Nsaru linkangoti te! te! te! ngati wina akuponya timiyala pamwamba. Anzanga sankalimva. Ine ndinkalimva chifukwa ndinakulira m'nyumba ya udzu, ndipo udzu sulira. Ukakalamba umangoyoyoka mwakachetechete, n'kukugwera m'maso uli chigonere.

Chimenecho chinali chaka changa choyamba pa ntchito ya uphunzitsi. Ana akaweruka, aphunzitsi ambiri ankathamangira kunyumba kapena kumsika, koma awiri tinkatsala: ine ndi mphunzitsi wa Sitandade 5, mtsikana wa m'tauni, wobadwira ku Kawale. Tinkati tikuchonga makope. Zoona zake n'zakuti pawindo la ofesiyo ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira bwino, ndipo iye anali ndi foni yaikulu imene inkaonetsa dziko monga limaonekera kuchokera kumwamba.

Ankaiika pa mulu wa makope, ine n'kukokera mpando pafupi.

"Lero tipite kuti, aphunzitsi?"

"Kulikonse kumene mafuta angatifikitse, amadamu."

Akatambasula zala ziwiri pagalasi, dziko linkabwera kwa ife ngati tikutsika ndi chingwe. Tinapita ku Iguputo kukaona manda a mafumu akale aja. Ndinkayembekeza mapiri osongoka monga a m'buku limene ndinkaphunzitsira, koma kuchokera pamwamba ndi timabokosi todulidwa ndi mizere iwiri, mbali ina yowala ina yamthunzi, ndipo nyumba za anthu zafika m'mphepete mwake ngati nyerere pa fupa. Tinapita ku Dubai kukaona chilumba chomangidwa ndi manja, chooneka ngati mtengo wa kanjedza wogonekedwa pamadzi. Ku Joni, kumene kunali mchimwene wake, kuseri kwa nyumba zina kunali timaiwe towala ngati mikanda.

"Madzi onsewa ndi osamba?" ndinafunsa.

"Osati kusamba. Kusewera."

Tinaseka mpaka mlonda anasuzumira pakhomo. Tsiku lina anandionetsa kwawo ku Kawale: nyumba zothithikana, madenga a dzimbiri, ena otsinjika ndi miyala ndi matayala. Anaika chikhadabo pa denga lina laling'ono. "Apa ndi pathu. Apa amayi amagulitsa makala. Ngalande iyi ndinagweramo ndili ndi yunifolomu." Ananena zimenezi mmene munthu amanenera kuti lero ndi Lachiwiri. Ndikanaphunzirapo kanthu, koma sindinaphunzire.

Ine sindine munthu wolankhula kwambiri. Mayi ndi bambo anamwalira motsatizana ndisanayambe sukulu, ndipo amene anandilera ndi agogo, mayi a mayi anga. Mwana wamasiye amaphunzira kuwerenga nkhope za anthu asanatsegule pakamwa. Amadziwa nthawi yobweza dzanja m'mbale, nthawi yochoka pakhomo pa eni. Choncho pamene mtsikanayu anayamba kusiya "inu" n'kumanditchula kuti "iwe" tikakhala awiri, ndinaona, ndipo ndinachita mantha ngati munthu wanyamula mazira panjinga.

Masana ena anati, "Dziko lonse tazungulira, koma kwanu sitinapiteko."

Tinapeza Nsaru, kenako msewu wa ku Kabudula, kaulusi kofiira. Ndinali ndisanaonepo kwathu kuchokera kumwamba. Ndi chikopa chouma chokhomedwa padzuwa. Minda yofiirira, mizere yake ngati tsitsi lopesedwa, madambo okhotakhota, zigafa za fodya zazitali ngati mabokosi a machesi. Apa ndi apo panali timadontho tobiriwira kwambiri, pafupifupi takuda.

"Nkhalango zimenezi?"

"Manda," ndinatero. "Ndi kokhako kumene nkhwangwa siifika."

Mudzi wathu ndinaudziwa ndi manda ake, amene ali ngati nyemba, ndi bwalo la mpira pambali pake. Chala changa chinanyamuka, koma ndinachipinda. Manda sitiloza, ngakhale a pagalasi.

Anatambasula zala, mudzi n'kukula. Chakumadzulo kunali denga lalikulu la malata, lowala ngati lili ndi nyali m'kati. Kuseri kwake, pambali pa mtengo wa mango, kunali kabanga kotuwa, kosasiyana ndi dothi. Udzu wakale ndi nthaka, ukaziona kuchokera kumwamba, ndi mtundu umodzi. Kabanga kameneko ndiko kanali nyumba imene ndinakuliramo.

Chikhadabo chake chinatera pa malata paja. "Ndi iyi?"

Denga la ofesi linati te! Ine ndinati, "Eee, ndi yomweyo."

Sindinapeke nkhani yaitali. Ndinangovomera. Iye anaikapo kachizindikiro kofiira n'kulemba kuti "kwa agogo", kenako anati tipite ku mathithi a pa Zambezi. Sindikumbuka mmene mathithiwo ankaonekera.

Popalasa njinga madzulo amenewo ndinadzipezera chozembera. Malata a nyumba ijayo anali a bambo anga. Bambo anali mkamwini m'mudzimo, ndipo atamwalira, abale awo anabwera ndi hamala n'kuzula malata onse pa nyumba imene anamanga, akuti chuma cha mbale wawo sichingatsale pa dothi la eni. Ndikukumbuka nditakhala pansi m'nyumbamo, thambo likulowa pang'onopang'ono. Malatawo anawagulitsa pomwepo kwa aneba athu, mlimi wa fodya amene nthawi imeneyo ankamanga. Ndiye ndinkadziuza kuti denga ndinalozalo ndi lathu ndithu. Chimene sindinkadziuza n'chakuti malipiro anga oyamba anapita ku nsapato zosongoka, jekete ndi foni, ndipo agogo sanatchulepo za malata ngakhale kamodzi.

Agogo anali aafupi, okonda fodya wa m'mphuno, pakamwa pakuthwa ngati chikwanje chatsopano. Monga zimakhalira kwathu pakati pa gogo ndi mdzukulu wamwamuna, ankanditchula kuti amuna awo. Ndikafika Loweruka ankayamba ndisanatsike panjinga.

"Amuna anga afika! Mwabweretsa chiyani? Manja okha? Ndikusiyani ine, ndikwatiwe ndi wa kabaza."

"Wa kabaza angakuthereni inu?"

"Bola iyeyo amabwera tsiku ndi tsiku."

M'mudzi monse, munthu amene ndinkatha kumuyankha nthabwala anali iwo okha.

Kumayambiriro kwa Novembala anadwala chifuwa, miyendo n'kutupa. Ndinapempha sabata imodzi kwa ahedi. Pofika Loweruka anali atayamba kupezako bwino, koma mitambo inali itayamba kusonkhana chakumpoto, ndipo denga lathu linali ndi mabowo oti mwana n'kulowetsa mutu. Ndinakwera m'mamawa kukafolera. Ndinkasasula udzu wakale, wakuda, n'kumauponya pansi, kenako kuyala pepala la pulasitiki pa mapaso, kenako mitolo ya udzu watsopano. Agogo anali pamphasa pansi pa mango, akulamula.

"Pamenepo ndi pamene pamadontha pamutu panga. Osanyenga ntchito, amuna anga, usiku timagona limodzi m'menemo."

Pamwamba pa denga umaona mudzi wonse. Ndinaona amayi pamjigo, mbuzi m'bwalo la mpira, kenako fumbi pamsewu. Njinga yamoto. Kumbuyo kwa wa kabaza kunali munthu wa diresi lobiriwira, jumbo pamiyendo, dzanja limodzi latambasulidwa kutsogolo litagwira foni, likulozera njira. Ndinamudziwa asanafike pamjigo. Anali atamva kuti agogo akudwala, ndipo anabwera kudzazonda monga munthu woleredwa bwino amachitira. Sanandiimbire chifukwa kwathu netiweki imagwira pachulu pokha. Sanafunse njira kwa aliyense chifukwa njira ndinali nditamupatsa kale.

Njingayo inaima pa nyumba ya malata.

Pakati pa nyumba ziwirizi pali nkhokwe ndi mpanda wa udzu basi. Ndikanangoimirira n'kuitana, akanatembenuka. Tikanaseka mwina, kapena akanakwiya pang'ono, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndakhala ndikuliganizira kwa zaka liwu limodzi limene sindinaitane lija. Chimene ndinachita, ndinatsetsereka kupita mbali ya kuseri, n'kugona chafufumimba pa udzu watsopano, maso okha ali pamwamba pa nsonga ya denga.

"Odi!"

Anatuluka mwini nyumba, mayi wamkulu thupi, wa msinkhu wa agogo, amene amuna ake anali atamwalira kale. Mayi ameneyu akamanong'ona, a kumjigo amayankha. Choncho ndinamva zonse.

Mtsikana uja anagwada pakhonde la simenti, napereka jumbo ndi manja awiri. "Ndamva kuti simukupeza bwino, agogo. Ndati ndidzakuoneni."

"Aaa, mwanawe, Mulungu akudalitse! Bondo ili. Msana uwu. Usiku sindigona ine."

Kwathu ukafunsa nkhalamba mmene ikupezera, siingakusowetse matenda. Mayiyo anafotokoza za bondo kuyambira chaka chimene linayamba. Anaganiza kuti mlendoyo ndi wa kutchalitchi kapena wa kuchipatala, ndipo kufunsa mlendo kuti ndiwe yani asanamwe madzi ndi mwano. Anaitana mdzukulu wake kuti aike madzi a tiyi. M'jumbo munatuluka shuga, buledi, sopo, majarini. Ndinaona mpeni ukudula buledi amene anagulira agogo anga. Ndinaona ana a pakhomopo akulandira chidutswa chidutswa.

Dzuwa linkandiotcha kumsana, udzu ukundibaya pamimba. Nyerere inayenda pakhosi panga, sindinaichotse.

"Amuna anga," agogo anaitana kuchokera pansi, "mwagona pamwambapo? Sindikumva ntchito."

"Ndikupuma."

"Nanga kwa anzangako kwabwera ndani pa njinga yamoto?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

Bodza la mu ofesi lija ndimatha kulipezera zifukwa. Ili ndilibe nalo chonena.

Tiyi ali pakati, ndinamva mtsikana uja akufunsa kuti aphunzitsi apita kuti. Mayi uja anaika kapu pansi.

"Aphunzitsi ati?"

"Mdzukulu wanu, agogo. Timaphunzitsa limodzi."

"Mdzukulu wanga ine mphunzitsi? Anga onse sukulu anaithawa ngati ili ndi njuchi! Wamkulu ali ku esiteti uko, akusoka fodya."

Ndinaona foni ikutuluka. Mitu iwiri inaweramira pagalasi. Mayi uja anaitenga, kuiika patali ndi maso, kuibweza pafupi.

"Iyi ndi nyumba yanga ndithu! Taonani khola langa ili! Ndiye mnyamata wa kuseriyu anati pano ndi kwawo? Mayo ine!" Kuseka kwake kunadzutsa nkhunda padenga. "Tabwerani mudzaone, anthuni! Nyumba yanga yalowa m'foni!"

Anthu anabwera. Foni inayenda m'manja asanu kapena asanu ndi limodzi. Mtsikana uja anali ataimirira tsopano, manja atagwirana kutsogolo, ndipo ngakhale ndinali patali ndinaona mmene anaumira khosi. Kenako anayamba ulendo wobwera kwathu: mayi uja patsogolo, akutsimphina ndi bondo lake lija, jumbo yopepuka ili m'manja, mlendo pambuyo pake, kenako amayi a kumjigo ndi ana. Atazungulira nkhokwe, kamwana kena kanaloza m'mwamba.

"Aphunzitsi ali padenga! Abisala!"

Mtsikana uja anakweza maso. Sanayang'ane nthawi yaitali. Anaona pamene ndinagona, anatembenuka n'kuona khonde limene anachokera, anayeza mtunda wake, n'kutsitsa maso.

"Anzanga, ndakudyerani buledi!" mayi uja anafuula asanafike n'komwe pamphasa. "Mlendo wanu uyu, foni yamubweretsa kwa ine. Akuti amuna anu anamulozera nyumba yanga kuti ndiye kwawo. Mwina akufuna andikwatire ine, mwakalamba inu!"

Amayi aja anaseka. Sindikhulupirira kuti mayiyo ankafuna kupweteka munthu. Kwa iye inali nkhani yokoma yoti adzaifotokoze mpaka Khirisimasi.

Mtsikana uja anagwadanso, ulendo uno pafumbi, pakati pa udzu wakuda umene ndinaponya pansi. Diresi lake linada m'mawondo. Agogo anadzuka movutikira n'kukhala tsonga, nakonza mpango kumutu. Analonjerana bwinobwino, mwadongosolo, ngati palibe chimene chachitika: za ulendo, za makolo ku tauni, za chifuwa. Atatha, agogo anatambasula dzanja.

"Tandionetsani, mayi. Nyumba zimaoneka bwanji kumwambako?"

Mtsikanayo anazengereza, koma anawapatsa. Agogo anaibweretsa pafupi ndi mphuno.

"Yowalayi ndi ya anzangawa. Nanga yanga?"

Iye anasendera pafupi, natambasula zala pagalasi. "Ndi apa, agogo."

"Apa ndi mtengo wa mango."

"Pambali pake."

Agogo anayang'ana nthawi yaitali. Anthu anasiya kuseka. Ine ndinali ndidakali padenga, nditakhala tsonga tsopano, chifukwa kubisala kunalibenso ntchito. Kuchokera pamenepo ndinkaona pamwamba pa mpango wawo, mapewa awo aang'ono, ndi mapazi otupa aja atatuluka kunja kwa mphasa.

"Ndiye mwanayu sanalakwe," anatero pomaliza. "Palibe chooneka apa."

Anabweza foniyo. Sanakweze mutu. "Aphunzitsi, tsikani mudzalonjere mlendo wanu."

Chiyambire anali asananditchulepo kuti aphunzitsi. Tsiku limene ndinabwera ndi kalata ya ntchito ananena kuti amuna awo apeza ganyu wa choko. Ndinatsika makwerero thupi lonse lili mwaye ndi tizidutswa ta udzu. Ndinagwada chapatali n'kunena kuti, "Mwayenda bwanji, amadamu?"

"Ndayenda bwino. Foni inandilondolera bwinobwino."

Palibe anaseka.

Mayi wa nyumba ya malata anasiya jumbo pamphasa, napepesa za buledi, nalonjeza kuti abweretsa mazira. Anthu anabalalika mmodzimmodzi. Mlendoyo anakhala pafupifupi ola. Anawamwetsa agogo mankhwala, anawafunsa zimene anamwino ananena, anawasisita mapazi ndi mafuta amene anali nawo m'chikwama. Anacheza za mtengo wa feteleza ndi za mvula. Ine ndinakhala pa mtondo wogonekedwa, ndikuyang'ana theka la denga limene linali lidakali pululu. Onse awiri sanandilankhule, ndipo sanachite kupangana.

Atati akutsanzika, agogo anaitana ana amene ankasewera kuseri kwa mpanda.

"Tandigwirireni thadzi lamawanga lija."

Linali limodzi mwa awiri amene anali nawo, ndipo ndi limene linkaikira. Ana analithamangitsa kuzungulira nkhokwe, pansi pa makwerero, mpaka m'mitolo ya udzu. Analimanga miyendo ndi luzi.

"Ayi, agogo, musatero," mtsikanayo anatero. "Ndinu odwala. Ine ndangobwera kudzakuonani."

"Munthu wofika koyamba pakhomo sabwerera chimanjamanja. Komanso mkazi wamng'ono akabwera, wamkulu amamulandira ndi nkhuku, kuti asadzanene kuti ndinamuchitira nsanje." Anafwenkha fodya pang'ono. "Mukakana ndiye kuti nanunso simukuiona nyumba ino."

Analandira ndi manja awiri, atagwada.

Ndinamuperekeza. Wa kabaza anali atasunthira pamthunzi pafupi ndi mjigo, akugona pa njinga yake. Tinadutsa pa nyumba ya malata, pomwe makapu a tiyi anali adakali pakhonde. Iye ankayenda patsogolo, nkhuku ili m'khwapa. Ndinkafuna kumuuza za bambo, za hamala, za thambo likulowa m'nyumba. Ndinayamba.

"Malata amene aja…"

"Usandiuze za malata." Anaima, natembenuka. "Ukuganiza kuti ndakwiya ndi udzu? Agogo anga ku Ntchisi amagona m'nyumba ya udzu, ndipo ndikapitako ndimagona momwemo. Unandiona nthawi yanji?"

Ndinayamba kuchotsa tizidutswa ta udzu pamkono.

"Ndikufunsa. Unandiona nthawi yanji?"

"Usanafike pamjigo."

"Usanafike pamjigo," anabwereza. "Ndiye ndagwada pakhonde la eni, ndamwa tiyi, ndamvetsera za bondo, mudzi wonse wandiseka, iwe uli pamwamba ukuonerera ngati kanema. Nanga agogo ako atakufunsa kuti kwabwera ndani, unati chiyani?"

Ndinayang'ana pansi. Sindikudziwa ngati anamva yekha ali pakhonde paja kapena anangolota.

"Ndinadziwa," anatero.

Wa kabaza anadzuka, naliza njinga. "Tiyeni, amadamu, mvula iyo. Nkhukuyo tiimangirire kumbuyo?"

"Dikirani."

Anayang'ana thadzilo. Linali litangoti duu, diso limodzi likuphethira. Analisisita pamsana ndi chala.

"Amayi aja ndawakonda," anatero, mawu atatsika. "Pamaso pawo sindikanatha kukana. Koma wamva zimene ananena popereka. Nkhuku iyi ndi ya mkazi wa mdzukulu wawo. Ndikapita nayo ndiye kuti ndavomera, ndipo ine sindinama kwa nkhalamba."

"Ndikawauza chiyani?"

"Mudzaona nokha, aphunzitsi. Mwina ulendo uno munena zoona."

Anandiika nkhukuyo m'manja. Inali yofunda, mtima wake ukugunda mofulumira pachikhatho panga. Iye anakwera njinga, anakonza diresi pa mawondo akuda aja, nagwira phewa la wa kabaza, ndipo ananyamuka.